Sitata ya Pamwamba pa Kabati

Bambo anga anthu amawatchula kuti a Mtsetse, ndipo iwo amavomera uku akumwetulira ngati apatsidwa ulemu. Dzinali linabwera chifukwa cha galimoto yawo. Sinkalira ndi kiyi ngati magalimoto a anthu ena onse. Inkafuna igudubuzike kaye, ikatenga liwiro pang'ono bambo n'kusiya kilatchi, iyo n'kutsokomola, n'kudzuma, kenako n'kulira. Ndiye moyo wawo wonse bambo anga anaukhala akusakasaka malo otsetsereka. Nyumba anamanga pamwamba pa chitunda, pamalo pomwe anthu anzeru zawo anakana chifukwa madzi a m'mipope ankafika mwa apo ndi apo. Wometa anasankha wa manja oipa uja, poti shopu yake inayang'ana kumtsetse. Ngakhale tchalitchi tinasamuka, osati pa nkhani ya chiphunzitso ayi, koma chifukwa bwalo la koyamba kuja linali lathyathyathya.

Koma dziko silinalengedwe lotsetsereka paliponse. Pomwe panalibe mtsetse panali mayi anga.

Ndinene izi poyambirira pomwe, wina angayese ndikukamba nkhani yoseketsa. Mayi anga anakankha galimoto imeneyo kuyambira ine ndili kamtsikana mpaka nditabereka anga ana, ndipo chiuno chawo chinkatha ife tikuona ndi maso. Chonsecho sitata, kachipangizo kaja kamazunguza injini munthu akapotokola kiyi, inalipo pakhomo. Yatsopano, yosagwirapo ntchito, ili m'bokosi lake, atayikulunga m'nsalu yamafuta. Inkagona pamwamba pa kabati ya zovala kuchipinda kwawo, moyang'anana ndi bedi lomwe mayi ankabuulirapo.

Bambo analowa ntchito ali achinyamata pa shopu yaikulu yogulitsa magalimoto a mtundu umenewu. Anayamba ndi kutsuka, ndowa ndi chiguduli. Kenako anawakweza n'kuwaika pa kauntala ya masipeya, ndipo pamenepo ndi pomwe anakhazikika mpaka shopuyo inatsekedwa. Dzina lenileni la kampaniyo linali lopinda lilime, palibe ankalitha. Pa boneti pankakhala kambalame kachitsulo komwe eni ake ankati ndi chiwombankhanga, koma kanali konenepa, kamutu kakang'ono, ndiye tauni yonse inkangoti Nkhanga. Bambo okha ndi omwe ankayesetsa kutchula dzina lenileni lija, ndipo nawonso ankalitchula mosiyanasiyana malinga ndi tsiku.

Mbiri ya kampaniyi tinaimva patebulo kuposa pemphero la chakudya. Akuti kutsidya la nyanja kunali anthu awiri apachibale, osula zitsulo, omwe ankapanga mawilibala. Wamkulu anali wa manja, wamng'ono anali wa pakamwa. Atatopa ndi mawilibala anayamba ngolo, kenako kagalimoto ka matayala atatu konyamulira mkaka, kenako Nkhanga yoyamba, ya maso ozungulira, yomwe alimi ankainyamulitsa chilichonse osadandaula. Yachiwiri inali yamakona, ndiye ya bambo imeneyo, yobiriwira, yomwe anaigula kwa bwana wawo itayenda kale. Akafika pamenepa bambo ankaika supuni pansi n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Chitsulo chimene chija, ana inu, sadzapanganso."

Zotsatira zake ankazikamba mofulumira ndi mawu otsika, ngati mmene munthu amakambira za m'bale yemwe analowerera. Apachibale aja atamwalira ana awo anakanganirana fakitale, n'kuigulitsa kwa kampani ina yopanga mathalakitala. Eni atsopanowo anatulutsa Nkhanga yachitatu, yodzaza mapulasitiki, yomwe mvula ikagwa madzi ankalowa ndi pansi pa chiwongolero. Anthu anaithawa. Posakhalitsa anasiyiratu kupanga magalimoto, ndipo fakitale ija, malinga ndi bambo, inabwerera ku mawilibala.

Tsiku lina, ndili mtsikana wa pakamwa posatseka, ndinati, "Ndiye n'chifukwa chake yathuyi imafuna kukankhidwa. Sinaiwale kwawo."

Mayi anaseka mpaka kutsamwa. Bambo sanandilankhule mpaka sabata inatha.

Shopu ija itamatsekedwa, bwana wake anauza antchito akale kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi cha chikumbutso. Ena anatenga mipando, wina anatenga wotchi ya pakhoma, wina anasenza fani. Bambo anakwera makwerero n'kutsitsa sitata yomaliza pa shelefu. Nthawi imeneyo ya m'galimoto inali ikugwirabe, ngakhale monyinyirika. Chaka chisanathe inafa. Tonse tinadziwa kuti bokosi lija litsika. Silinatsike.

"Ikatha imeneyi ndiye kuti basi," anatero bambo. "Kulibenso ina. Tiisungire tsiku lovuta."

Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero. Masiku ovuta anabwera, abale, anabwera ndithu. Mlongo wanga anathyoka mkono pa mpira, mayi anakankha mwana akulira m'galimoto. Galimoto inazima pakati pa mphambano mvula ikukhuthuka, mayi anakankha madalaivala ena akuimba mahutala. Tsiku la ukwati wanga anakankha atavala diresi latsopano, n'kufika ku holo m'khwapa muli chonyowa, kumpendero kuli matope. Palibe ngakhale limodzi mwa masiku amenewa lomwe linakwana kukhala lovuta.

Ndipo musaganize kuti matendawa anali a bambo okha. Eni ake a Nkhanga omwe anatsala m'tauni ankakumana Loweruka lililonse kuseri kwa galaja ina, pansi pa mtengo, maboneti ali yasa. Ndinapitako kangapo ndili wamng'ono. Panali bambo wina wa butchala yemwe chitseko cha galimoto yake chinkatsegukira kunja kokha, moti akafika pamalo ankatulutsa mkono pawindo n'kudzitsegulira ngati wantchito wake yemwe. Panali ahedi opuma ntchito omwe nyali zawo zinafa kalekale, ndiye dzuwa likapendeka ankatsanzika msangamsanga ngakhale nkhani ili pakati. Panali mayi wina woweta nkhuku yemwe geji yake ya mafuta inkaloza pakati chaka chonse, ndipo ankayeza petulo ndi kamtengo. Tsiku lonse ankangodandaula. Iyi ikutentha, iyi ikudontha, iyi ikukoka kumanzere. Koma munthu wapadera angoyerekeza kunena kuti bwanji osangogula zina, onse ankatembenuka pamodzi n'kumuyang'ana mpaka achoke yekha.

Chomwe ndinadzazindikira nditakula n'chakuti aliyense wa iwo anali ndi bokosi lake kunyumba. Ahedi anali ndi nyali ziwiri zatsopano pansi pa bedi. Wa butchala anali ndi loko wa chitseko, akadali m'pepala lake. Mayi wa nkhuku anali ndi geji. Ankanyadirana nazo, kufunsana ngati zikadali bwino, kulangizana mafuta opaka kuti zisachite dzimbiri, koma kuziika m'galimoto ayi, zingathe. Akanati asonkhanitse za m'makabati mwawo akanamanga Nkhanga yatsopano. M'malo mwake ankayenda m'mabwinja, mitima ili m'malo.

Makaniko wa pagalajapo, munthu wodekha wa mimba yaikulu, anayesapo kuthandiza. Anauza bambo kuti pali sitata ya galimoto ya mtundu wina yomwe ikhoza kulowa atangoboola pang'ono. Bambo anamuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo.

"Chitsulo chachilendo mu Nkhanga? Iwe, ndimakuyesa munthu."

Makaniko anangopukuta manja n'kubwerera pansi pa galimoto ina.

Mayi anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, ndipo anali munthu wosachuluka mawu, wa mapewa otambalala. Kukankha anali ndi kachitidwe kake. Ankavula nsapato n'kuziponya pampando wakumbuyo, chikwama n'kuchikoleka m'khosi, manja onse awiri n'kuwaika pa buti, mutu pansi. Pa buti pamenepo penti inachita kusupuka, panatsala zigamba ziwiri zoyera zofanana ndi zikhatho zawo. Galimoto ikalira bambo sankaima, ankaopa kuti izimanso. Ankangochepetsa liwiro, chitseko chili chotsegula, ndipo mayi ankathamangira n'kudziponyamo, n'kuyamba kuvala nsapato akupuma mwabefu. Tili ana tinkathandiza, koma tinakula n'kuchoka. Anthu odutsa bambo sankawafuna, ati amakankha mwachipongwe, amabonyola chitsulo, ndiponso amanyoza.

Ndinafunsapo kuti, "Nanga bwanji mayi asakhale pa chiwongolero inu n'kumakankha? Si inu amuna?"

"Kilatchi ya Nkhanga si ya aliyense, mwana wanga," anayankha modekha. "Imafuna phazi loidziwa."

Kudekha kumeneko ndi komwe kunkandipsetsa mtima kwambiri. Bambo anga akanakhala chidakwa kapena munthu wa nkhanza, bwenzi ndikudziwa pomwe ndingaike mkwiyo wanga. Koma sanamwepo, sanakwezepo dzanja, malipiro ankabwera nawo kunyumba. Mayi akadwala chimfine ankawaphikira tiyi okha. Madzulo ankawasisita msana ndi mankhwala onunkha aja, mwachikondi ndithu, maso awo ali pafupi ndi bokosi la pakabati, osaona kuti ziwirizi zikukhudzana. Munthu wotere umayamba naye pati?

Kutsimphina kunayamba pang'onopang'ono. Poyamba mayi ankati agona molakwika. Kenako anayamba kupalasa makina ndi mwendo umodzi. Kenako podzuka pampando ankayamba agwira tebulo, n'kuima kaye kanthawi nkhope itakwinyika, asanaponye phazi. Ine ndimaphunzitsa kupulayimale kutsidya lina la tauni, ndipo ndikabwera kudzawaona ndinkapeza zaipiraipira. Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinalowa kuchipinda kwawo, chinthu chomwe sindinachitepo chikulire, ndinakwera pampando, n'kutsitsa bokosi lija. Ndinakaliika pakati pa tebulo, pambali pa mbale ya bambo.

"Bambo, ikani ichi m'galimoto."

Anayang'ana bokosilo, n'kulisuntha pang'ono kuti lisakhudze madzi omwe anatayikira patebulo.

"Wagwira ndi manja onyowa?"

"Mayi akutha. Simukuona mmene akuyendera?"

"Ndikuona. N'chifukwa chake masiku ano ndikumaimika pamtsetse pokhapokha. Sabata yonseyi akankha kamodzi kokha, afunse."

"Kamodziko n'kochuluka."

"Mwana wanga, iwe sukumvetsa. Ndikaika lero, pakatha zaka zingapo yapsa. Ndiye tsiku lomwe tidzaifunitsitse tidzatani?"

"Tsiku lake liti, bambo? Lija lodzanyamula bokosi la mayi?"

Ndinadziwa kuti ndapyola malire. Koma omwe anandikalipira anali mayi.

"Iwe, pakamwa. Asiye bambo ako. Ndakuuza kuti ndatopa ine?"

Ndiye onani, munthu amene ukumumenyera nkhondo ndi yemwe akukugwira mkono. Ndinatuluka n'kutsika chitunda chonse wapansi osatsanzika. Bokosi linabwerera pamalo pake madzulo omwewo.

Patapita miyezi ndinawakakamiza kuti tikaonane ndi dokotala wa mafupa kuchipatala chachikulu. Ndinati tikwere takisi. Bambo anati mwini galimoto sakwera takisi, anthu angati chiyani. Tinapita pa Nkhanga. Pachipatalapo pali kamtsetse kamodzi kokha, polowera ambulansi, ndipo bambo analunjika pomwepo ngati kwawo. Mlonda anabwera akuthamanga.

"Apa ayi, bambo. Kaimikeni uko kuli anzanu."

"Ndi kanthawi kochepa, achimwene. Galimoto iyi ili ndi khalidwe lake."

"Khalidwe lake likakhale uko."

Anakaimika pabwalo la simenti, losalala ngati tebulo. Ndinaona bambo akuyang'ana uku ndi uku, kufunafuna potsika, osapapeza.

Dokotala anali mayi wachitsikana wa magalasi. Anaika chithunzi cha mafupa pa nyali n'kutionetsa pomwe fupa la ntchafu limalumikizana ndi chiuno. Anati pamenepo paperepeseka, fupa likukhulana ndi fupa, ndipo lafewa. Anafunsa ntchito yomwe mayi amagwira. Mayi anati amasoka.

"Amakankhanso galimoto," ndinatero ine.

Dokotala anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona kuti palibe wina akuseka anavula magalasi n'kuyang'ana bambo.

"Bambo, mayiwa asanyamule ngakhale ndowa ya madzi. Akangogwa kamodzi, fupa ili silipirira. Mwandimva?"

"Tamva, adokotala," anatero bambo, chipewa chili pamaondo. "Tamva ndithu."

Titatuluka ndinawaperekeza mpaka pagalimoto. Ndinawauza momveka bwino, ngati mmene ndimauzira ana a sitandade wani, kuti akhale m'galimoto adikire. Ine ndikatenge mankhwala, ndikabwera ndipeza amuna awiri atikankhe, kaya anyoze kaya asanyoze. Onse awiri anagwedeza mitu movomera.

Mzere wa kumankhwala unali wautali, ndipo unkadutsa pawindo loyang'ana kubwalo lija. Ndinaima pamenepo ndikuwaona. Kwa kanthawi anakhaladi phee. Kenako bambo anayamba kusakhazikika, kugwiragwira giya, kusuzumira kumwamba poti kunkachita mitambo. Sindikukhulupirira kuti anawapempha, milomo yawo sinagwedezeke. Anangotsegula chitseko chawo n'kutulutsa phazi limodzi, monga ankachitira nthawi zonse pothandizira kusuntha. Ndipo mayi, atangoona phazi limenelo, anatsika. Anavula nsapato. Anaziponya kumbuyo. Anakoleka chikwama m'khosi.

Ndinamenya galasi la windo ndi chikhatho, anthu a pamzere n'kundiyang'ana. Ndinathamanga, koma khomo linali kutali, kuzungulira khonde lonse. Pomwe ndinkatulukira panja n'kuti galimoto ikugudubuzika, mayi ataweramira pa buti, mwendo wodwala uja ukukwakwaza. Bambo anasiya kilatchi. Nkhanga inatsokomola, n'kudumphira kutsogolo. Manja a mayi anatsala m'malere, ndipo anagwa chammbali pa simenti, mbali yomweyo ya pachithunzi.

Chomwe sindidzaiwala si kugwako. Ndi chakuti bambo sanaone. Khutu lawo linali pa injini, maso pa msewu. Anapitirira pang'onopang'ono mpaka kugeti, chitseko cha mayi atachitsegula, akupondaponda mafuta kuti isazime, kudikira kuti mkazi wawo adziponyemo monga mwa masiku onse. Ataona kuti akuchedwa anaimba hutala.

Mayi sanalire. Anangondigwira mkono n'kunena kuti, "Kandiuzire bambo ako asazimitse, ingavutenso."

Sindinapite. Anakawauza ndi mlonda uja.

Fupa linathyoka pomwe dokotala analoza. Anawachita opaleshoni, anaikamo zitsulo, koma fupa lofewa siligwira bwino chitsulo. Anatiuza mosabisa kuti mwina azidzatha kuima n'kusuntha pang'ono m'nyumba atagwira khoma, koma kuyenda kwenikweni kwatha. Makina osokera nawonso atha. Tili pakhonde la chipatala, bambo atakhala pabenchi chipewa chili m'manja, ndinaima patsogolo pawo. Ndinkafuna kukuwa, koma mawu anatuluka otsika.

"Bambo, lero lakwana kukhala tsiku lovuta, kapena tidikirebe?"

Bambo anangotembenuza chipewa chija, n'kuchitembenuzanso. Ndinaona kuti akalamba, khosi lalowa m'kolala, ndipo zinandikwiyitsanso kuti ndikuwamvera chisoni.

Mayi anakhalitsa m'chipatala. Bambo ankabwera tsiku lililonse, wapansi ndi pa basi, munthu uja ankati mwini galimoto sakwera za ena. Ankakhala pambali pa bedi n'kumawasendera malalanje. Za galimoto panalibe wozitchula.

Tsiku lowatulutsa, ine ndi mwamuna wanga tinabwera ndi chikuku, njinga ija amakhalapo anthu osayenda. Tinawakankha mpaka pabwalo, ndipo apo panali Nkhanga, yotsukidwa mpaka kunyezimira, itaima pakatikati pa simenti yosalala ija. Bambo anaima pambali pake atavala jekete. Mwamuna wanga ananyamula mayi n'kuwakhazika kutsogolo. Kenako anayamba kupinda manja a malaya kuti akankhe.

"Ayi, mkamwini, lowani," anatero bambo.

Bambo nawonso analowa, anakhala, anapotokola kiyi. Galimoto inalira nthawi yomweyo. Sinatsokomole, sinadzume. Inangolira bwinobwino ngati galimoto ya munthu wina aliyense.

Bambo anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kutsogolo.

"Zimitsani," anatero mayi.

Anazimitsa.

"Lizaninso."

Analiza. Inaliranso chimodzimodzi.

"Basi? Kungotero basi?"

"Kungotero," anayankha bambo ndi mawu osamveka bwino.

"Anaika ndani?"

"Makaniko uja."

"Zinamutengera masiku angati?"

"Sizinatenge tsiku. Ndinamugulira tiyi. Pomwe ankamaliza anali asanazizire."

Mayi anatembenuza manja awo n'kuyang'ana zikhatho. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekeza kuti alira, kapena atukwana, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza kutukwanako. Koma anangotembenukira kwa mwamuna wanga.

"Bambo, pepani ndakuvutitsani. Nditsitseni. Kandiitanireni takisi."

Kuyambira tsiku limenelo mayi anga sanakwerenso Nkhanga. Sanakangane ndi munthu, sanalumbire, amangokana basi. Bambo anapempha, ine ndemwe ndinapempha, poti tsopano galimoto ili bwino ndipo ikanawathandiza. Ayi. Anzawo a pansi pa mtengo aja anabwera kudzazonda, anakhala pabalaza n'kupepesa mwaulemu, kenako mmodzimmodzi anazembera panja kukamvera mmene sitata yeniyeni imalirira. Ndinamva ahedi akufunsa bambo chapansipansi ngati sakuopa kuti itha msanga. Ndinatseka windo kuti mayi asamve, koma anali atamva kale.

M'mawa uliwonse bambo amatsuka galimoto, n'kuiliza kamodzi kuti batire isagone, n'kuizimitsa. Ilibe kopita. Zigamba ziwiri zija pa buti zikadalipo, ndipo ndinaona kuti akafika pamenepo chiguduli amachidutsitsa m'mbali.

Koma mayi sakhala m'nyumba. Amafuna kutchalitchi, amafuna kuchipatala kokapimitsa mafupa, amafuna kukaona mnzawo wogulitsa nsalu kumsika, ndipo konseko n'kumunsi kwa chitunda chomwe bambo anasankha okha. Amapita pa chikuku, wokankha ndi bambo. Kutsika sikuvuta kwenikweni, amangogwira zolimba kuti chisathawe. Nkhani ili pobwerera.

Lamulungu lapitali ndinawapeza ali pakati pa chitundacho. Dzuwa linali litakwera. Bambo anali ataweramira pa zogwirira, mutu pansi, jekete itanyowa kumsana, akupuma ngati mvukuto. Amakankha pang'ono, n'kuima, n'kutsekereza tayala ndi phazi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku lomwe ndidzaone bambo anga akukankha ndidzasangalala. Sindinasangalale. Ndinaona nkhalamba ziwiri pamsewu wotentha, wina sangayende, wina watsala pang'ono kugwa, ndipo ndinapsa mtima osadziwa kuti ndikupsera ndani.

Ndinaika chikwama pansi n'kugwira chogwirira chimodzi.

"Bambo, pumani. Ndimalizitsa ine."

"Asiye," anatero mayi osatembenuka. "Chikuku changa si cha aliyense."

Bambo sanatsutse. Anandichotsa dzanja mofatsa. Nsapato zawo za kutchalitchi zinkaterera pa miyala, ndiye anawerama, anazivula, n'kuima osadziwa poziika. Mayi anatambasula manja, anazilandira, n'kuziika pamiyendo pawo. Bambo anagwiranso zogwirira, n'kuyamba kukankha.